Tulo ta apongozi anga

Lemba bwino iwe, usandithamangitse. Wati ndimasinza ndili pakati polankhula? Eya, ndimasinza. Tulo ta munthu wokalamba n'tamwano, usiku timakana, masana n'kudzakugwira pamaso pa anthu. Ndiye nkhani yake ndi yomweyo, ya apongozi anga, amayi awo a agogo ako aamuna.

Zinali zaka za Chitaganya, ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo. Agogo akowo ankagwira ntchito kuesiteti ya tiyi, ndiye ananditenga kwathu ku Chinakanaka kukakhala kwawo, kufupi ndi Limbuli. Iwo anali Alomwe, makolo awo anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi. Ine Chilomwe sindinkachimva, kupatula moni basi.

Apongoziwo anali atakalamba, moti kumunda anali atasiya. Ntchito yawo inali kukhala pakhonde, kulonda makaka amene tayanika kuti mbuzi zisadye. Koma mlonda wake! Dzuwa likangofika pamutu, mutu uja zyoli, tulo. Mbuzi zinkachita kusankha.

Ndinkadandaula ine. "Amayi, kodi usiku mumatani?"

Iwo amvekere, "Ndimawerenga nsungwi zakudenga, mwananga. Udzaziwerenga nawenso."

Tsono tulo tawoto sitinali tabata. Akagona, miyendo inkapalasa, manja ali m'mwamba ngati akulanda chinthu, kenako n'kukuwa. Tsiku lina ndikusenda nandolo pafupi, ndinamva bwinobwino: "Mayi! Mayi!" Ndinaseka mpaka nandolo kutayika. Gogo wopanda mano, kuitana mayi ake ngati khanda!

Mawa lake ndinakaifotokoza kuchitsime. Ndinachita kuyeserera, miyendo ndi manja omwe. Azimayi anagwa nako kuseka, mmodzi mpaka anaswa mtsuko. Ine kumva kukoma, poti ndinali mlendo pamudzipo, ndipo aka kanali koyamba kuti andisekerere. Ukudziwa ana salephera kutola nkhani. Posakhalitsa ankabisala kuseri kwa nkhokwe, apongozi akangoyamba kusinza, onse pamodzi, "Mayi! Mayi! Agogo akufuna kuyamwa!"

Apongozi sanakalipe ayi. Anangosiya kugona masana. Ankakhala tsonga pakhonde, msana osatsamira khoma. Tulo tikabwera ankadzitsina pantchafu, kapena kununkhiza fodya mpaka misozi. Usiku tulo palibe, masana akutikana okha. Munthu anayamba kufota tikuona. Maso anafiira, ankaiwala pamene aika ndodo, tsiku lina anagwa poimirira n'kung'ambika chipumi. Makaka okha ndiwo anapulumuka, mbuzi sizinalawenso.

Agogo ako anali asakudziwa, poti ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Anazimva Lamulungu, tikuchokera kutchalitchi, ana aja atayambanso nyimbo yawo. Anagwira mmodzi pamkono n'kumufunsa. Mwana anangoloza ine.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mayi a mwana, munamva kuti akuti chiyani?"

"Akuti mayi."

"Sakuti mayi. Akuti mahi. M'chilankhulo chathu ndi madzi."

Ndiye anandiuza zimene pamudzipo achinyamata sankazidziwa. Pothawa nkhanza za Apwitikizi kutsidya kuja, apongozi anawoloka mtsinje wa Muloza nthawi ya dzinja, madzi ali m'khosi, mwana wawo woyamba ali kumbuyo. Atafika tsidya lino, nsalu inalipo, mwana palibe. Ali ndi mphamvu zawo sankazitchula, ngakhale kutulo. Atakalamba m'pamene thupi linayamba kuwoloka lokha mtsinje uja akagona. Miyendo imene ndinkayeserera kuchitsime ija, inali kupalasa madzi.

Dikira, usalembe kaye. Ndipatse madziwo ndimwe.

Azimayi akuchitsime aja, ena anali Alomwe. Koma iwo anamva mawuwo kuchokera pakamwa panga, atapindika kale. Akanamva okha akanadziwa.

Mawa lake ndinathyola kamtengo ka pichesi n'kukakhala pakhonde pambali pawo. Mwana aliyense wosuzumira kunkhokwe analawa. Ndinayala mphasa, ndinati, "Amayi, gonani. Mbuzi ndiziona ine."

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kuti undionererenso?"

Ndinangotembenuka, kuwapatsa msana, maso kubwalo. Tinakhala choncho, ine osacheuka. Tsiku limenelo sanagone. Lotsatira lakenso ayi. Kenako tsiku lina ndinamva mphasa ikulira kumbuyo kwanga, miyendo ija yayamba. Atakuwa, sindinacheuke. Ndinangoti, "Mwawoloka, amayi. Muli kumtunda." Kaya anamva kaya sanamve, koma anapumira m'mwamba n'kukhala phee.

Kuyambira pamenepo ankagona ine ndikakhalapo basi. Ndikapita kumunda kapena kumaliro, ankadikira atakhala tsonga, fodya ali m'manja. Tulo timene kale ankagona momasuka pakhomo pawo pomwe, tsopano tinkadikira mlonda, mpaka tsiku limene anatisiya. Chimenecho sindinathe kuwabwezera.

Lero nsungwi zakudenga ndikuziwerenga ine, ngakhale denga lake ndi lamalata. Ndiye iwe, ukandiona mutu wagwa, usandigwedeze. Tseka bukulo, ukhale pomwepo. Ndipo ndikayamba kulankhula, zimenezo usalembe.