Bokosi la Aphungu

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangosinza nditatsamira khoma la pabalaza pomwe tinagoneka thupi la amuna anga. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo ambiri anali atagona pamikeka atafunda zitenje kumutu. Panja amuna ankayankhula motsitsa akuotha moto. Kenaka ndinamva makasu akugundana. Adzukulu ankanyamuka kukakumba manda.

Amuna anga anamwalira dzulo lake m'mawa, ali pangolo. Chibayo chinawagwira mwamphamvu, ndiye tinati tithamangire nawo kuchipatala. Koma mlatho wa pamtsinje wathu kuno kwa Mavwere unakokoloka kalekale, ndipo tsikulo madzi anali osefukira. Tinadikira patsidya lino kuti aphwe. Iwo anatsirizikira pomwepo, mutu uli pamiyendo panga.

Titafika nawo kunyumba, kalipentala wa m'mudzi anabwera kudzawayeza ndi chingwe. Matabwa tinabwereka kwa anzathu oyandikana nawo. Asanayambe kucheka, anatulukira alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, amene anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Chinali chaka cha masankho. Anati aphungu amva za zovutazi ndipo bokosi atumiza iwo, la kutauni, lokhala ndi zogwirira. Alamuwo anamuletsa kalipentala uja. Matabwa aja eni ake anawapereka kumaliro ena kwa Chiosya. Ine palibe anandifunsa. Mkazi wamasiye amangouzidwa.

Kutacha, amayi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe n'kutereka migolo ya nyemba. Anyamata anaika nthambi zaziwisi pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena akukankha njinga. Abale a amuna anga a ku Zambia anadzera njira za m'minda, matope mpaka m'maondo. Dzuwa linatuluka loswa mtengo, lija limaitana mvula.

Adzukulu anatumiza uthenga dzuwa lisanafike pamutu kuti kumanda atha. Bokosi kunalibe. Anthu anadya, mbale zinatsukidwa, bokosi osaoneka. Alamu ankangopita kumsewu n'kubwerera. M'nyumba munatentha. Ntchentche zinayamba kulowa, ndipo amayi awiri ankaziingitsa ndi masamba. Mayi wina wachikulire anatentha masamba a bulugamu paphale. Tonse tinkadziwa chifukwa chake. Munthu amene ndinakhala naye moyo wanga wonse ankaonongeka ndikuona, podikira munthu amene sanadyepo naye ngakhale chinangwa. Kumadzulo, cha kumalire, mitambo inayamba kuda.

Dzuwa litapendeka, madzi a pamtsinje paja ataphwa, tinamva hutala. Lole inabwera ikuthamanga, n'kuponda nthambi zija ngati zinyalala. Inadzaza achinyamata ndi amayi ovala nsalu za chipani, akuimba nyimbo zotamanda mtsogoleri wawo. Pambuyo pake panali galimoto ya aphungu. Amayi a palole aja analowa pasiwa akulira mokuwa kuposa ife eni ake. Mmodzi atakhala pafupi nane anapukuta m'maso n'kundinong'oneza: "Pepani mayi, kodi watisiyayu ndi bambo kapena mayi?"

Bokosi analowetsa. Linali lonyezimira ndithu, munthu n'kudziona nkhope. Adzukulu ananyamula thupi n'kuligoneka m'katimo. Mutu unalowa, mapewa analowa, koma mapazi anatsala kunja. Amuna anga anali aatali. Pakhomo lililonse ankawerama. Mnyamata wa chipani amene anabwera ndi bokosilo anati palibe chachilendo, onse amalandira omwewa, aphungu amagula ambiri nthawi imodzi n'kusunga m'galaja kwawo ku boma.

Anayesa kupinda maondo, chivundikiro chinakana kutsekeka. Mkulu wa adzukulu anaimirira n'kunena kuti njira yatsala ndi yothyola miyendo, ndipo iye sachita zimenezo popanda mawu a eni maliro. Alamu anasuzumira panja pomwe aphungu anakhala pampando wa ndalema, anayang'ana mitambo, kenaka anati, "Chitani mwaulemu, koma fulumirani."

Kuyambira dzulo lake ndinali ndisanayankhule. Ndinamva mawu anga akutuluka okha.

"Alamu, miyendo imeneyo simuikhudza."

"Mlamu, chonde, musatichititse manyazi pamaso pa bwana."

"Achimwene anu anabadwa ndi miyendo yowongoka. Apita nayo yowongoka."

"Nanga matabwa tiwapeza kuti nthawi ino? Mvula iyo!"

Ndinaloza chitseko cha nyumba yathu. Anakhoma okha malemuwo chaka chimene tinafolera malata. Ndinati, "Zulani icho."

Kalipentala sanadikire kuti alamu avomere. Anazula chitseko, anagumula bokosi la aphungu kumapazi, n'kuyamba kulumikiza.

Panja mwambo unayamba kuti nthawi isapite pachabe. Abusa anapatsidwa mpata wochepa. Aphungu ndiwo anayankhula nthawi yaitali, hamala ikulira m'nyumba. Anati malemu anali membala wawo wokhulupirika. Amuna anga sanagwirepo khadi la chipani chilichonse. Kuvota ankavota, koma amene amusankha sankauza ngakhale ine. Chimene ankachita chaka ndi chaka, mvula ikayandikira, n'kumema amuna anzawo kukadula mitengo yoyala pamtsinje paja kuti ana aziwoloka popita kusukulu. Aphungu zimenezo sanazitchule, sankazidziwa. Anati chitukuko chili m'njira, ndipo tikawavoteranso mlatho umangidwa. Anati palibe maliro m'dera lino amene iwo sanathandizepo.

Anthu anawomba m'manja. Pamaliro! Wina mpaka analuluta. Ndinasuzumira pakhomo popanda chitseko paja ndipo ndinaona kuti ena mwa owombawo ndi omwe aja tinali nawo pamtsinje dzulo lake, amene anaona ndi maso awo amuna anga akupuma komaliza. Aphunguwo sindinawadabwe. Amene anandinyansa ndi ife, anthu otaya mlatho n'kuthokoza bokosi.

Kenaka bokosi linatuluka. Kumutu linali lonyezimira, kumapazi matabwa a chitseko opaka penti wobiriwira wosuwa, mabowo a loko akuonekera. Alamu anathamanga ndi nsalu ya chipani kuti aphimbe. Mkulu wa adzukulu anaichotsa n'kuwabwezera m'manja. Adzukulu pamaliro saopa munthu. Anatembenukira kwa aphungu, amene anali aafupi onenepa, nati, "Olemekezeka, kodi bokosili anayezera pa inu?" Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Mvula inatipeza tili m'njira. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenaka inangokhuthuka. Aphungu sanafike kumanda. Anati msewu ukaterera galimoto siituluka, ndipo lole ija inawatsatira ndi oimba ake onse. Tinatsala eni mudzi, abale a ku Zambia ndi amayi a mpingo. Tinayenda pang'onopang'ono pakati pa minda ya fodya, nyimbo ikumveka patalipatali chifukwa cha mvula.

M'manda munali mutalowa madzi. Adzukulu anatsikiramo ndi zidebe n'kukapa, matope ali thupi lonse, osadandaula. Dzenje linali lokwanira bwino, chifukwa iwo anabwera m'mawa ndi bango kudzayeza munthuyo asanakumbe. Anatsitsa bokosi. Ndinaponya dothi langa, linali lonyowa, linakakamira kuzala.

Madzulo anthu anabalalika. Anatsala amayi ochepa ogona nane pasiwa. Mvula inakata, kunja kunkangomveka achule. Alamu anabwera n'kuima pakhomo. Anakweza dzanja kuti agogode, anapeza palibe pogogoda, ndiye anangoti odi. Anati aphungu amva chisoni ndi zimene zachitika, ndipo alonjeza kuti atumiza chitseko chatsopano.

Ndinati, "Mukawauze ayambe abwera adzayeze."

Anatembenuka n'kupita. Ine ndi mchemwali wanga tinapachika mphasa pakhomopo. Mphepo inkalowa m'mbali, nyali n'kumaphethira. Ndinagona pansi pomwepo, kuzizira kukundilowa m'mafupa. Koma uko kumanda amuna anga anagona atatambasula miyendo.