Ndodo ya gofu ya m'chigafa cha bambo

Kwathu ku Njombwa ndodo ya gofu inali yotsitsira fodya. Inkakhala m'chigafa, ndipo tikafuna mkangala wa fodya wa pamwamba tinkangoukola ndi mutu wake wachitsulo uja. Bambo anaipeza ali mnyamata, pamene ankanyamulira zikwama mabwana a m'maesiteti pa bwalo la gofu ku boma. Bwana wina anawapatsa pochoka, ati inali itapindika pang'ono. Ankanena kuti anaphunzira kumenya mobera, mabwanawo akalowa kokamwa mowa, koma ife ana tinkangoti ndi nkhani zawo.

Chaka chimene bambo anadwala sitiroko n'kuti ine nditabwerera pakhomo, banja litandikanika. Anatuluka m'chipatala akuyenda okha, mwendo akuukoka, koma dzanja lamanja linali lofumbata ngati labisa kanthu. Adokotala anati likhoza kubwerera akamaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma akalisiya miyezi ingapo liuma choncho mpaka kalekale. Anatipatsa kampira koti azifinya. Bambo anakaponyera galu.

"Dzanja ili linafa. Musandivute."

Munthu amene ankasoka fodya mofulumira kuposa tonse anayamba kuswera pakhonde, dzanja lili m'thumba la jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Amayi anawanyengerera, analephera. Ine ndinawakalipira, poti mtima wapachala ndinatengera iwo omwewo, nanenso ndinalephera. Ndinkawerenga masabata ndi mantha, ndipo zinkandiwawa kuwaona akudyera kumanzere ngati mwana wosalangizidwa.

Tsiku lina masana, nyengo yothyola fodya, mkangala unandigwera pamutu. Ndi mkwiyo ndinatuluka m'chigafa ndodo ili m'manja n'kumenya chitsononkho chimene chinali pabwalo. Chinakwawira kumanja, n'kukagunda khola la nkhuku.

"Kodi iwe ukulima kapena ukumenya?"

Ndinatembenuka. Kwa masabata ambiri bambo anali asanayambe okha kulankhula.

"Ndikumenya, ababa."

"Bodza. Ukulima. Imeneyo si khasu."

Zinali zoona. Ife tinabadwira pa khasu, ndipo khasu umaligwira zolimba, ukalitsitsa ntchito yathera m'nthaka momwemo. Ndi mmene ndinamenyera, manja ali gwa, ndodo n'kuima pomwe panali chitsononkho. Bambo anandifotokozera ali pampando kuti ndodo ya gofu siima pa mpira, imapitirira. Ukangomenya, pamfundo pa dzanja, apa povala wotchi, pazimasuka, dzanja lamanja lizigudubuka pamwamba pa lamanzere. Ukatero nkhope ya ndodo, mbali yomenyera ija, imatembenuka yokha, nsonga yake n'kuloza kumwamba. Ukaumitsa manja, nkhope imakhala yotseguka ndipo mpira umathawira kumanja.

"Usaikanize. Ikudziwa kokha kopita," anatero.

Mawa lake ndinadula zitsononkho tizidutswa, ndinadzaza beseni. Madzulo aliwonse tikaweruka kumunda ndinkaima pabwalo, iwo pakhonde akundikuwa. Nkhuku zinaona zakuda. Azimayi opita kumjigo ankaima n'kumaseka kuti mayi wa ana awiri wayamba masewera a mabwana, ine osasamala.

Apa ndiulule. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditaigwira nzeru yake. Ndinamenya kamodzi, manja anatembenuka okha, chitsononkho chinauluka molunjika. Mwamwayi bambo n'kuti akuyang'ana kumbali. Kuyambira pamenepo ndinkaphonya dala, chifukwa ndinaona kuti ndikaphonya phewa lawo lamanja limagwedezeka, ngati dzanja la m'thumba lija likufuna kundikonza.

Zinatenga sabata ina yathunthu. Loweruka amayi anatenga chidebe nanena kuti akupita kudimba. Ndinamenya katatu, katatu konse kukhola.

"Ha! Mwana uyu ndi wa ndani?"

Bambo anadzuka, nakoka mwendo mpaka pomwe ndinaima. Anandigwira dzanja lamanzere ndi lamanzere lawo, koma panafunika lina lotembenuzira lamanja langa. Anaima kanthawi akupuma mwamphamvu. Kenaka anatulutsa dzanja lija m'thumba. Linali lozizira, lowonda, lopepuka ngati tsamba la fodya louma. Analiika pamfundo pa dzanja langa, ndipo ndinamva zala ziwiri zikutambasuka pang'onopang'ono, mpaka zinandizungulira mkono.

"Apa. Masula apa. Tembenuza chonchi."

Anandikankha ndi mphamvu yochepa kwambiri moti mwana wakhanda akanawaposa. Koma anakankha. Tinabwereza kanayi. Ine sindinkaonanso bwino chifukwa cha misozi, ndipo ndinkaopa kupukuta kuti angachotse dzanja.

Atasuntha, ndinamenya. Chitsononkho chinadutsa pamwamba pa mizere ya fodya n'kukagwera pafupi ndi chulu.

"Umaphonya dala," anatero, osandiyang'ana. "Kuyambira tsiku lachitatu lija. Ukuyesa sindinaone?"

"Nanga bwanji simunanene, ababa?"

"Ndimadikira amako achoke. Likanakana kutambasuka iwo akuona, ndikanalowa pati?"

Dzanjalo silinabwerere lonse. Chala chaching'ono ndi chinzake zinakhala zopinda mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Koma chaka chotsatira anakhala nafe m'chigafa, akusoka mkangala umodzi pamene ife tasoka isanu, ndipo ankatinyoza kuti yathuyo ndi yosalimba.

Chimene sindinawauze n'chakuti tsiku lija, nditakweza maso kutsatira chitsononkho, ndinaona amayi kuseri kwa nkhokwe. Kudimba sanapite. Anali ataima pomwepo chidebe chili pansi, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje kuti amuna awo asawamve.