Mayi Balbina, amene ankatola alendo pa siteshoni ya Cuamba

Mu Novembala chaka chatha anamwino a Margarita ananena mawu awa pamaso pa anthu atatu: "Agogowa magazi achepa kwambiri. Asagonenso popanda neti. Malungo ena akabwera sadzawapirira." Mayi Balbina anaseka n'kuthokoza. Mwana wawo Hilário anangoti tamva, maso ali pafoni. Nilza, mkazi wa Hilário, mawuwo anamulowa, poti ankadziwa zochitika pakhomo paja Natali, ndiye kuti Khirisimasi, ikafika. Koma kudziwa kwakeko sikunapulumutse munthu.

Mayi Balbina anabadwira ku Itepela, m'boma la Ngauma, mu 1954. Sukulu ankangoiona podutsa, koma mapemphero onse anawaloweza pomvera akatekisita. Anakwatiwa ndi bambo Zacarias, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Cuamba. Nkhondo itafika kumudzi mu 1986, njira ya ku Cuamba inali yotsekeka. Mayiwo anathawa okha ndi ana awiri, Gervásio wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi khanda, kudzera ku Mandimba kulowa m'Malawi. Khandalo linamwalira lili kumsana, pa 24 Disembala.

Anaodira pamakomo anayi, onse osayankha. Pakhomo lachisanu mayi wina wachiyao, Msilamu, anawalowetsa, anawasiyira pogona pake, iye n'kukagona kukhitchini. Kutacha amuna a pamudzipo anakumba manda. "Dzina langa anandifunsa mawa lake," mayi Balbina ankatero. "Ine Mkhristu, Natali ndinaiphunzira kwa munthu wosadya Natali."

Mu 1993 anabwerera, anapeza amuna awo ali moyo, ndipo anakhazikika ku Cuamba kufupi ndi njanji, kumene anabereka mzime wawo Hilário. Bambo Zacarias anamwalira mu 2006. Mayiwo anadzisamala ndi kugulitsa nthochi ndi chimanga chootcha pamawindo a sitima. Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi mwathu ndi kuchapa nsalu za paguwa, osafuna kuti dzina lawo litchulidwe pazolengeza.

Pogulitsa paja anazolowera kuona anthu otsala sitima ya ku Nampula itatsitsa, mashapa, maminibasi aja, onse atanyamuka. Ndiye pa 24 Disembala paliponse ankapita ku siteshoni opanda dengu, n'kubwera ndi munthu. Chaka china anali mayi wa mwana wodwala, china mtsikana wobedwa katundu, china chidakwa chimene chinaimba nyimbo zake mpaka pa Misa. Lamulo lawo linali limodzi: "Mafunso mawa. Lero asambe, adye." Mlendo ankagona pabedi pawo, iwo kukhitchini pamphasa. Potsanzika ankamupatsanso neti, ati kumene akupitako udzudzu uliko. Chaka china mlendo anachoka ndi wailesi. Anthu oyandikana nawo atati mwaonatu, iwo anayankha kuti, "Wailesiyo inali yolongolola kale."

Nilza analowa m'nyumbamo akuziopa zimenezi. Ankabisa mipeni mumphika. Mlendo akatsokomola ankamvetsera ngati n'chifuwa wamba kapena chachikulu, n'kukoka mwana wake Lúcia kupita naye kuchipinda. Apongozi akewo ankamuona, koma sanamudzudzule n'kamodzi komwe. Ankangoti, "Mwana wanga, teleka madzi."

Natali yapitayi anabwera ndi bambo Raimundo, mtchona wokalamba amene anatha zaka makumi anayi akuthyola tiyi ku Mulanje. Anabwerera kudzafuna mlongo wawo ku Lúrio, anakapeza manda ndi anthu osawadziwa. Anali atagona pa siteshoni masiku atatu, osapempha kanthu kwa munthu.

Nilza anayesa. Anati, "Amayi, mukukumbuka zija ananena anamwino. Mlendoyu agone pabalaza."

"Munthu wamkulu chonchi pansi? Pa Natali?"

"Ndiye bwerani mudzagone ndi ine ndi Lúcia muneti mwathu."

Mayi Balbina anagwira pakamwa. "Ine m'chipinda cha mwana wanga wamwamuna? Ukufuna anthu atiimbe nyimbo?"

"Tengani neti yathuyo."

"Kuti udzudzu udye mdzukulu wanga? Ine khungu langa ndi chikumba, ukabwera uthyoka mlomo."

Hilário anati akagula ina kumsika mawa. Mawa lake linali Natali, linzakelo anaiwala, ndipo Nilza atamukumbutsa kachitatu anamuuza kuti amadandaula zilizonse. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, madzi ali ndundundu kuseri kwa khitchini. Bambo Raimundo nawo anapempha kuti asinthane malo, koma anawayankha kuti mlendo salamula pakhomo pa eni ake. Chaka chatsopano chinadutsa, ndipo poti analibe kopita, palibe anawafunsa za ulendo. Anayamba kupalira kamunda ka chimanga kuseri ndi kukonza mipando yothyoka.

Pa 3 Januwale Nilza anaona kuti apongozi ake afunda nsalu za kapulana ziwiri dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo anati ndi kutopa chabe. Anabisa masiku awiri, mpaka anagwa akusesa pabwalo. Kuchipatala anayesetsa. Tsiku lachinayi a padiri anabwera ndi mafuta oyera, mayiwo analandira Ukaristiya ali maso, akuyankha pemphero lililonse. Kenaka anakodola Nilza.

"Bambo aja alibe kwawo. Musawachotse."

"Ndamva, amayi."

"Osati kumva kwa Hilário."

Nilza analonjeza. Pa 9 Januwale masana mayi Balbina anatseka maso, kolona ili m'manja, ngati munthu wopumira pamthunzi.

Pamaliro panafika nkhope zimene a mphakati wathu sanazidziwe. Mayi wina anachokera ku Mandimba ndi mnyamata wamtali, n'kunena kuti uyu ndi mwana wodwala uja. Nilza anaona zonsezi ndipo anachita manyazi ndi mipeni yake ija.

Koma Gervásio, amene anabwera kuchokera ku Nacala, anali atamva za neti. Tsiku lachitatu ataika maliro anaitanitsa abale pabwalo, dzuwa litapendeka. "Mayi anga agona m'dothi, munthu amene anawalanda bedi akudyabe pano? Ndi m'bale wa ndani?"

Hilário anazolika. Nilza anagwada. "Alamu, pepani. Amayi anandiuza kuti asachoke. Ndinalonjeza."

"Mlamu, za nyumba ino tikamba ife ana. Inu mukadawasamala bwezi ali moyo."

Nilza anayang'ana mwamuna wake kuti anenepo kanthu. Hilário ankangokumba pansi ndi chala cha kuphazi. Ankadziwa amene anaiwala neti, ndipo ankaopa kuti Nilza anena. Nilza sananene.

Bambo Raimundo anamva zonse ali kuseri, khasu lili m'manja. Anadikira kuti anthu abalalike, n'kumupeza Nilza akutsuka mbale.

"Mwana wanga, usakangane ndi alamu ako chifukwa cha ine. Uli ndi banja loti ulisunge."

"Koma ndinalonjeza, bambo. Mukachoka ndiwauza chiyani amayi?"

"Uwauze kuti sunandichotse. Ndachoka ndekha."

"Mupita kuti?"

Anakanda m'mutu. "Njanji ndi yaitali."

Nilza anawapempha kuti adikire Lamulungu, a padiri akambe ndi Gervásio. Anatchula a mphakati, anatchula chimanga chimene anapalira chija, kuti chatsala pang'ono kumasula. Iwo ankangopukusa mutu mofatsa. Ife a parishi ino tinazolowera kuti mlendo wa Natali ali ndi kopita, chifukwa mayi Balbina analipo. Tsiku limenelo panalibe khomo lina lotseguka, ndipo Nilza analiyang'ana m'maganizo mwake nyumba ndi nyumba, mzere wonse wa kunjanji.

Bambo Raimundo anatsuka khasu lija, analitsamiritsa pakhoma, n'kupukuta manja pabuluku.

"Ndinakhala zaka zambiri osaitanidwa kuti dzadyeni," anatero. "Mayi ako anandiitana masiku khumi ndi awiri. Ndinyamuka kusanache, alamu ako asanadzuke. Usadzuke kudzanditsekulira, chitseko ndikuchidziwa."