Kamtsikana Kamene Kanatsala pa Mwala

Mukafika pamsika wa Migowi n'kufunsa kalongonda wophika bwino, aliyense akulozerani kwa mayi a Eneya. Dzina lawo lenileni ndi Bertha. Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, ndipo amakhala chakumapeto kwa mzere wa ogulitsa zophikaphika, beseni atalivindikira ndi nsalu yoyera. Kalongonda wake sanachititsepo munthu chizungulire, chifukwa amamuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi ndi kuthira ena mpaka ululu wonse utatha. Koma kwa zaka zambiri anthu ankamudziwanso ndi chinthu china. Bertha sankavina.

Kudera kumene ng'oma za tchopa zikalira ngakhale khanda limadumphadumpha kumsana kwa amake, munthu wosavina sabisika. Paukwati wake weniweni Bertha anangoima, anzake akutimba fumbi momuzungulira. Kutchalitchi ankaimba nawo, koma mapazi ali phee ngati anawakhomera pansi. Ena ankati ndi matama, ena ankati ndi manyazi. Achikulire okha, amene ankadziwa mudzi umene anabadwira, ndiwo sankanenapo kanthu.

Anabadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo ali wamng'ono panalibe mwana wovina kumuposa. Mayi ake, a Edina, ankagogoda ndowa ndi chikho pochokera kumadzi, iye ali patsogolo kudukula njira yonse mpaka kunyumba. Bambo ake ankagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Mulanje ndipo ankabwera mwakamodzikamodzi. Pakhomo panalinso khanda, dzina lake Promise.

M'chaka cha 1991, Bertha ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula inagwa masiku otsatizana osapumira. M'mawa wina kuphiri kunamveka mkokomo ngati malole ambirimbiri akutsika pamodzi. A Edina anali panja ndi Bertha. Anamugwira dzanja, kuthamanga naye chokwera mpaka kumunda wawo wa chinangwa, kumene kunali mwala waukulu kuposa nyumba. Anamukankhira pamwamba pake.

"Khala pompano. Usasunthe mpaka ndibwere," anatero, n'kubwerera kukatenga khanda limene linali mtulo m'nyumba.

Bertha anawaona akutsika, mpango utagwera paphewa. Kenako anaona matope, mitengo yathunthu ndi miyala zikudutsa pamene panali mudzi. Zitadutsa, panalibenso nyumba, panalibenso njira. Anakhala pamwalapo mvula ikumumenya. Madzulo kunabwera azibambo ofufuza otsala, ndipo atamuuza kuti atsike anakana, amvekere amayi anena kuti ndisasunthe. Wina atamunyamula mokakamiza, anamuluma dzanja mpaka magazi.

Anthu anati wadutsa ndi Napolo. Mitembo ya a Edina ndi khanda sinapezeke. Akuluakulu anati adikire kaye, mwina ioneka madzi akaphwa, ndipo m'kudikirako maliro sanachitike. Bambo ake anakwatira kwina. Bertha anatengedwa ndi mayi ake aang'ono, a Fainess, kupita naye kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene anakulira akuwinga mbalame mumpunga. A Fainess anamulera bwino, koma dzina la mkulu wawo sankalitchula, ndipo naye Bertha anaphunzira kusafunsa.

Atakula anakwatiwa ndi Cornelius, mnyamata wofatsa wopalasa kabaza, n'kukakhazikika ku Migowi. Kamtsikana kanayamba kubwera chaka chimene mwana wawo Eneya anabadwa.

Kankabwera nyengo ya mvula yokha, masana, mitambo ikaphimba Michesi. Bertha ankayamba ndi kumva fungo la matope atsopano, ngakhale ali m'nyumba mowuma. Kenako ankazindikira kuti kumbuyo kwake, chakumanzere, kwaima munthu. Akacheuka, ankangoona pang'ono chabe: kamtsikana kopanda nsapato, konyowa, diresi itakakamira pathupi. Nkhope sankaiona. Sikankalankhula, sikankachita choipa chilichonse, kankangoima ngati mwana amene akudikira kuti wamkulu amalize ntchito.

Cornelius anayenda naye ndithu kufuna thandizo. Anapita kwa abusa, anapita kwa mneneri wina wa ku Chiringa, anapitanso kuchipatala kumene anamupatsa mapiritsi ogonetsa. Achibale anagwirizana zoti ndi mzimu wa Promise umene ukufuna mkulu wake. Bertha anavomera pakamwa, koma mumtima zinkamuvuta. Promise anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. Ngati akufa amakula, n'chifukwa chiyani uyu anakula kufika pamsinkhu umenewu n'kuima? Ana ake omwe anabadwa, kukula, kukapitirira kamtsikanako, iko kali chimodzimodzi. Pamapeto pake anangokazolowera, monga munthu amazolowera dzino lobowoka.

Namondwe wa Freddy atafika mu 2023, khoma la nyumba yawo linagwa. Palibe anavulala, koma anakakhala pamsasa wa anthu othawa madzi pasukulu ina, mabanja ambiri m'kalasi imodzi. Kumeneko kunali azimayi ochokera cha ku Nkhulambe amene anataya ana, amuna, midzi yathunthu. Bertha akawayang'ana ankawadziwa maso awo. Masiku amenewo kamtsikana sikanachoke kumbuyo kwake ngakhale pang'ono.

Pakati pa anthu obwera ndi thandizo panali mtsikana wa ku Zomba dzina lake Lily. Iyeyu sanabweretse ufa kapena mabulangete. Anaphunzira zisudzo ndi magule kukoleji, kenako za uphungu, ndipo ntchito yake inali kusonkhanitsa azimayi masana kuti azicheza ndi kuvina. Ambiri anaona ngati chipongwe, kuvina anthu ali pachisoni. Koma pamsasa tsiku limatalika, choncho anabwera ndithu, ena kudzangoonerera.

Tsiku loyamba Lily anawauza nthano ya Agiriki akale. Anati iwo anali ndi mulungu wamkazi woyang'anira zokolola, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Tsiku lina mwanayo akuthyola maluwa kudambo, nthaka inang'ambika, mfumu ya dziko la akufa n'kumukokera pansi. Mayiyo anayenda dziko lonse atanyamula muuni, osadya, osasamba, akufunsa aliyense wokumana naye. Mbewu zinaleka kumera, anthu anayamba kufa ndi njala, koma iye sanasiye kufunafuna mpaka anamubwezera mwana wake. Chokhacho, mwanayo anali atalawa kale chipatso cha kumeneko, ndiye chaka chilichonse ankayenera kubwererako kwa miyezi ingapo.

Mayi wina wa chigwirizano cha kutchalitchi anadandaula kuti imeneyo ndi milungu yachikunja. Lily anayankha kuti sakuwapempha kuti aipembedze, ndi nthano chabe ya anthu amene nawonso ankaika maliro. Mayi wina wa ku Nkhulambe ananena chapansipansi kuti za nthaka kung'ambika n'kumeza mwana safunika kuuzidwa ndi Mgiriki. Ndiye Bertha, amene sankalankhula pagulu, anamva mawu ake akutuluka okha.

"Nanga akamezedwa ndi mayiyo, mwana n'kutsala kunja, amapita kukamufuna ndani mwanayo?"

Lily anatembenukira kwa iye. "Nthanoyi sinena zimenezo, amayi. Inenso sindikudziwa."

Kuvina kwake kunali kosavuta. Azimayi ankakhala awiriawiri. Mmodzi ankanjuta pansi atadzifunditsa chitenje, ndiye mwanayo. Mnzake ankakhala mayi, kuzungulira m'chipindamo motsatira kugunda kwa chigubu chimene wina ankaimba ngati ng'oma, mpaka kukamupeza, kumuvundukula ndi kumudzutsa, kenako awiriwo n'kuvinira limodzi. Ena ankaseka, ena ankalira mpaka kuwatulutsa panja. Bertha ankakhala pabenchi, kuwagwirira anzake makanda.

Tsiku lina anthu anachepa, ndipo onse atapeza anzawo Bertha anatsala yekha. Lily anamupempha kuti asavine, angoyenda nawo basi ngati munthu amene wataya chinthu. Bertha anachita manyazi kukana mwana waulemu chotero. Anaimirira n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma. Chigubu chinkagunda. Sanadziwe kuti zinayamba liti, koma anapeza kuti mapazi ake akugwa pamodzi ndi kugundako, chiuno chikutsatira, mapewa akumasuka mopweteka ngati chitseko chimene chakhala chotseka zaka zambiri. Fungo la matope linadzaza m'mphuno mwake. Anacheuka kumanzere monga mwa nthawi zonse, koma kunalibe munthu.

Kamtsikanako kanali kutsogolo. Kananjuta pakona, pansi pa bolodi, mawondo katawakumbatira. Kwa nthawi yoyamba Bertha anakaona bwinobwino. Diresi inali yobiriwira, thumba lake losokedwa ndi ulusi wakuda chifukwa wobiriwira unasowa. Anaikumbukira diresiyo. Anakumbukira mayi ake akuisoka pakhonde, ulusi akuudula ndi mano. Pabondo la kamtsikanako panali chipsera cha khasu chimene iye mwini ali nacho mpaka lero.

Anakhala pansi, ndipo analira kulira kumene sanalire pamwala paja, kapena kwa a Fainess, kapena kwina kulikonse. Azimayi anamuzungulira. Chigubu chokha ndicho sichinasiye, chifukwa woimbayo anaona kuti akasiya zikhala zoopsa kwambiri.

Pambuyo pake anamufotokozera Lily zonse. Lily sananene kuti ndi mzimu, sananenenso kuti si mzimu. Anangoti kumene anaphunzira amati munthu akakumana ndi zoopsa ali mwana, nthawi zina thupi limakula n'kupita, koma mwanayo amatsala pamalo pomwepo, ndipo amafunika munthu wamkulu wokamutenga.

Msasa utatsekedwa, atamanganso khoma lawo, Bertha anauza mwamuna wake kuti amuperekeze kumudzi kumene anabadwira. Anali asanapondeko chichokereni. Cornelius anafuna kufunsa, koma ataona nkhope ya mkazi wake anangopopa matayala.

Mudziwo Bertha sanauzindikire. Anthu ena anamanga chapatali, ndipo pakati pa miyala imene inatsika nthawi ija panali mizere ya chimanga ndi nandolo. Koma mwala uja unalipo, wakuda, ndere zitamera mbali imodzi. Unaoneka wocheperapo kusiyana ndi mmene ankaukumbukira. Dzuwa linali pamutu. Bertha anavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno, n'kupempha mwamuna wake kuti aziomba m'manja. Cornelius anayang'ana uku ndi uku kuopa anthu, kenako anayamba kuomba.

Bertha anavina mozungulira mwalawo, poyamba ngati mayi wa m'nthano uja, akusuzumira m'mapanga ndi m'ziyangoyango, kenako mmene ankavinira panjira ya kumadzi. Anavina mpaka thukuta linanyowetsa bulauzi. Ataima, anayang'ana pamwamba pa mwala.

"Tsika, mwanawe. Amayi sabweranso. Ndabwera ndine."

Anatembenuka, kuwerama, manja kumbuyo, monga amachitira mayi pobereka mwana. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anamasula chitenje m'chiuno, kuchiponya kumsana, kuchimanga pachifuwa, n'kuuza mwamuna wake kuti azipita. Cornelius anamukweza panjinga. Anapalasa pang'onopang'ono, kupewa mabampu. Patapita miyezi anauza mnzake wapakabaza kuti tsiku limenelo njinga inkalemera ngati wanyamula anthu awiri, ngakhale anawonjezera kuti msewu nawo unali utawonongeka ndi madzi.

Sikuti zonse zinathera pomwepo. Lily anabwerera ku Zomba, bungwe lake linasamukira kwina. Mitambo ikakuta phiri Bertha amasowabe mtendere, ndipo masiku ena amavindikira beseni n'kubwerera kunyumba malonda asanathe. Koma iye ndi azimayi angapo a pamsasa paja amakumanabe kuseri kwa msika, ndi chigubu chawo, ndipo akamva kuti kwinakwake kuli mayi amene wasiya kudya ndi kulankhula, amapita kukamutenga.

Chaka chotsatira, atakolola, Bertha anapita kwa malume ake kukapempha chinthu chimene chinadabwitsa banja lonse. Anafuna maliro a mayi ake ndi a Promise. Malumewo anazengereza, amvekere papita nthawi, tidzutsiranji zogona. Bertha sanakangane nawo, anangobwerabwera mpaka analola. Anakumba manda awiri, aakulu ndi aang'ono, n'kuikamo mathunthu a nthochi okulungidwa m'nsalu, monga zimakhalira mtembo ukasowa. Anthu sanachuluke. Ambiri amene ankawadziwa a Edina anali atapita kale.

A Fainess anabwera kuchokera ku Chilwa, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Mwambo wonse sanagwetse msozi. Pochoka kumanda anatsalira m'mbuyo, n'kumugwira Bertha pamkono kuti ayende nawo pang'onopang'ono. Anayenda choncho mpaka ena onse atapitirira.

"Mwana wanga," anatero osamuyang'ana, "ine achemwali anga ndakhala ndikuwamva zaka zonsezi. Mpunga ukayamba kucha amaitana kuchokera kudambo. Saitana ine ayi. Amaitana iwe, amafunsa ngati unatsika."

Bertha anaima. Anawafunsa chifukwa chimene sanamuuzire kale.

"Unali mwana. Ndinkaopa kuti ukamva uwatsatira m'madzi."

Anayambanso kuyenda. Kutsogolo anthu anali atafika kale pamphambano, akusamba m'manja pandowa. A Fainess anati akabwerera kunyanja akapita okha kudamboko, mpunga usanache, akawayankhe.