Mpunga wa Thuc

Bambo Khiem anali wophika buledi ku Footscray, mumzinda wa Melbourne, munthu wa manja okhakhala ndi mawu ochepa. Mkazi wawo, Thuc, anafa ndi ludzu m'bwato limene anathawira kuchoka ku Vietnam. Anamuika m'nyanja, khanda lawo Dieu likulira pachifuwa pa atate ake. Manda panalibe. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi chodyeka m'mbali ndi mchere, chimene chinkakhala pa guwa la makolo pabalaza. Chaka ndi chaka, pa tsiku la imfa yake, a Khiem ankaphika mpunga ndi nsomba, kuyatsa lubani, n'kumuitana kuti adzadye.

Dieu anakula nakhala mmisiri wa zaluso. Chaka china anakonza chionetsero: matabwa a bwato lakale, nsalu zolendewera kudenga, ndi mawu a okalamba osakanizika ndi mkokomo wa mafunde wotuluka m'makina. Anapempha chithunzi cha mayi ake. Bambowo anakana, anakananso, kenako analola atalonjezedwa kuti chibwerera tsiku lokumbukira imfa ya Thuc lisanafike.

Koma Dieu anawerengera pa kalendala ya azungu. Tsiku la akufa limatsata mwezi wakumwamba, ndipo chaka chimenecho linafulumira, chithunzi chikadali pakhoma la nyumba ya chionetsero.

"Ndibweza sabata yamawa, bambo," anatero Dieu. "Amayi adikire pang'ono."

"Sukulu yonse ija, mwanawe, osadziwa kuyang'ana mwezi? Mayi ako akafika lero apeza guwa lopanda nkhope. Alowa nyumba ya yani?"

A Khiem anakulunga mbale ya mpunga ndi nsomba m'nsalu nakwera sitima ulendo wa m'tauni. Pakhomo la nyumba ya chionetsero mlonda anawauza mwaulemu kuti moto ndi chakudya sizilowa. Dieu anatuluka nkhope itagwa. Anachonderera akuluakulu a malowo mpaka analola mbale; za utsi anakanitsitsa.

Choncho a Khiem anayatsira lubani panja, m'mphepete mwa msewu, nam'zika m'kapu ya mpunga wosaphika. Dieu anatsamira chitseko ndi msana kuti chisatsekeke. Nkhalamba ija inalowa pang'onopang'ono, mbale m'manja, ngati ikutsogolera mlendo wamanyazi. Itafika pamene pankamveka mafunde inaima.

"Tiye, Thuc, usaope. Madziwa si enieni. Ndi mwana wathu wawapanga."

Dieu atamva zimenezi anathamanga kukazimitsa makina. M'chipinda munati zii. Bambowo anaika mpunga pansi pa chithunzi, timitengo todyera pambali pake, nawerama. Oonerera ena ankayesa ndi mbali ya chionetsero, koma mayi wina wokalamba wa kwawo anaika chikwama pansi n'kuwerama nawo.

Lubani atatha, chizindikiro choti mlendo wakhuta, bambo ndi mwana anakhala pamasitepe kudya zotsala. Nsomba inali itazizira. A Khiem anachotsa minga, mnofu n'kuika m'mbale ya Dieu.