Tsiku Limene Amayi a Tsache Anagwa

Ana ankawaitana kuti Amayi a Tsache, akuluakulufe tinangotengera pomwepo. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosalankhulalankhula. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anasesa tchalitchi chathu, kukolopa, kupukuta mabenchi, kutsuka timakapu ta mgonero n'kutiyanika pathaulo loyera kuseri kwa guwa.

Lamlungu limenelo abusa analalikira za Msamariya wachifundo. Ine ndinali m'kwaya, kutsogolo kwenikweni.

"Kodi Mulungu amanyansidwa ndi munthu?" anafunsa abusa.

"Ayi!" tonse tinayankha. Amuna anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anachita kuimirira, dzanja m'mwamba.

Tili pakati pa nyimbo tinamva kukuwa, kenako khu! Amayi a Tsache anali pansi pakati pa mabenchi, thupi likunjenjemera, mutu ukumenya simenti, thovu kukamwa.

"Ndi khunyu! Musakhudze thovulo, mutengera!" anakuwa mayi wina.

Anthu anamwazika ngati nkhuku zaona mphamba. Ndinaona mtsogoleri wa amayi akudumpha benchi, Baibulo kukhwapa. Abusa anayamba kudzudzula ziwanda pa maikolofoni, koma paguwapo sanatsike. Inenso ndinangozindikira ndili pawindo, nditakakamira khoma. Ine, woti kusukulu ndinaphunzira kuti khunyu sapatsirana!

Amene anabwera ndi alonda a pageti, bambo amene tinkawanena kuti amanunkha fodya ndipo sapemphera. Anavula jekete, n'kuwatsamiritsa, n'kuwagoneka cham'mbali.

"Takankhani benchiyo, mwangoti kakasi bwanji?" anatero alondawo. Palibe anasuntha. Anaikankha okha ndi phazi.

Atatsitsimuka, Amayi a Tsache anayang'ana chovala chawo chitanyowa, anayang'ana ife, n'kunena chapansipansi, "Pepani, ndasokoneza mapemphero."

Lachitatu amuna anga anabwera kuchokera kumsonkhano wa akulu a mpingo. Akuvula nsapato anati, "Tagwirizana kuti mayi aja asamatsukenso makapu a mgonero."

"Bambo, mukunena zoona? Zaka zonsezi tamwera m'makapu otsuka iwo. Anagwapo ndani?"

"Anthu akuopa, mayi. Kupemphera n'kwina, kudzisamala n'kwina."

"Nanga ayi munafuula uja?"

"Inuyo munawagwira?"

Ndinatola nsapato zawo, n'kukaziika kuchipinda.

M'mawa mwake ndinapita kukawaona Amayi a Tsache. Ndinawapeza akuchapa jekete ya alonda ija. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pachidebe. Anandiuza kuti matendawo anayamba ali mtsikana, ndipo amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, koma mwezi umenewo anangowathera. Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzirepo.

"Achemwali, kumpingo kumene ndinali kale ndinaulula," anatero. "Anandiuza kuti mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro, nditaye, ndisale kudya. Ndinataya. Tsiku lachinayi ndinagwera pamoto." Anakwinya malaya, n'kundionetsa chipsera kuyambira pachigongono mpaka paphewa.

Ndinayamba kupepesa. Iwo analowa m'nyumba, n'kubwera ndi makiyi a tchalitchi omangidwa pachingwe.

"Mukawapatse abambo akunyumbako. Sindinakwiye ayi, koma sindifuna anthu azimwa mgonero mitima ili m'mwamba."

Pano amasesa pasukulu ya mkaka kuseri kwa msika, ndipo mwini sukuluyo amadziwa za matenda awo. Kutchalitchi amabwerabe, amakhala benchi yakumbuyo. Benchiyo imakwana anthu asanu ndi atatu, koma amakhalapo okha. Kawiri ndanyamuka kuti ndikakhale nawo, kawiri konse ndathera pamalo anga akale.