Pepala Linang'ambika ku Chipoka

Nditasiya ntchito ya nyuzipepala, bungwe lina lothandizidwa ndi maiko akunja linanditumiza ku Chipoka. Linamangira amayi ogulitsa usipa tinyumba ta pepala la pulasitiki toumitsiramo nsomba ndi dzuwa, kuti asiye kuwamba ndi nkhuni. Pakhoma la ofesi panali chithunzi cha zolinga za chitukuko zimene maiko onse anagwirizana, chilichonse ndi mtundu wake. Ntchito yanga inali kufunsa amayiwo mafunso, kuwajambula, n'kulembera otithandiza.

Ndinkakhala ndekha m'kachipinda kufupi ndi njanji. Anthu ankandipatsa moni mwaulemu, koma wondiyendera panalibe. Mayi aliyense amene ndinamufunsa ankayankha chimodzimodzi: "Kale tinkavutika, pano moyo wasintha." Anaphunzira kalekale kuti mlendo wa bungwe sauzidwa zoipa, kuopa kuti angasamutsire thandizo kumudzi wina.

Tsiku lina masana, nyengo ya mwera, ndinapeza amayi apampando wa gulu la ogulitsa usipawo akuyanika usipa pathandala, pamtetete. Mphepo inali itang'amba pepala la kanyumba kawo.

"Mwatipezerera, achimwene," anatero akuseka. "Pepala lotere ku Salima kulibe. Tasoka, tatopa. Ntchentche zikuchita kutithokoza."

Anandikhazika pansi, anandiwotchera usipa, tinacheza za ana awo ndi za kwathu. Chifikireni, aka kanali koyamba munthu kundiyankhula ngati mnzake. Potsazikana anandigwira mkono.

"Koma izi musalembe."

Sindinalembe. Kwa mtolankhani n'zowawa, koma ndinasunga pakamwa, ndipo ndinayamba kupitako Loweruka lililonse wopanda kamera.

Kenako kunabwera alendo ochokera kunja. Dalaivala anasochera njira n'kuwadutsitsa kuseri, kumene kunali kanyumba kong'ambikako. Anatsika, anajambula, anafunsa mafunso ambiri. Analonjeza pepala latsopano, ndipo linabweradi. Koma amayiwo anachita manyazi pamaso pa alendo, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti wowalozera ndinali ine.

Loweruka lotsatira ndinapita kukafotokoza. Amayi apampando anandiona ndikadali patali, anaimirira, anapukuta manja.

"Mayi, sindine amene ndinawauza."

"Palibe kanthu, bwana. Mwabwera kudzajambula? Dikirani ndivale chitenje cha bungwe."

Analowa m'nyumba. Ndinaima padzuwa kuwadikira, m'manja ndilibe kanthu.